TSIKU LA MLANDU LIDZIWIKE, NDIPO BWALO LILISUNGE

Makolo anati mlandu suola. Ananena tero pocenjeza munthu wolakwa kuti ngakhale athawire kutali, tsiku lina adzakhala pansi ndi kuyankha. Koma masiku ano anthu ambiri a m'midzi ya m'cigawo ca Kum'mawa achula mwambi umenewu mousa moyo, cifukwa milandu yao ikhalitsa m'mabwalo a boma. Mlanduwo suola ndithu, koma zonse zimene ziucirikiza zimaola. Mboni imwalira kapena isamukira ku Lusaka. Ng'ombe imene anthu alimbirana ifa ndi cigodola. Mtengo wa pamalire a munda, umene nyakwawa analoza pogawa malo, udulidwa ndi oocha makala. Pofika tsiku la ciweruzo, wopambana apeza kuti wapambana pepala cabe.

Milandu imene ikunenedwa pano si ya kuba kapena kupha, imene apolisi amatengera ku khoti m'dzina la boma. Ndi milandu ya pakati pa anthu okhaokha: ngongole, cuma ca masiye, kutha kwa ukwati, ziweto zimene zadya mbeu za mnansi, malipiro a nchito amene sanaperekedwe, ndi mikangano ya alimi ndi ogula thonje kapena fodya. Pa milandu yotere wodandaula ndiye anyamula katundu yense. Ndiye alipira ndalama ya samani, ndiye aitana mboni, ndiyenso azidyetsa panjira. Motero tsiku lililonse limene mlandu uimikidwa popanda kumvedwa, ndalama yacoka m'thumba la munthu wamba.

Mwacitsanzo, mlimi wa kwa mfumu Mafuta kapena kwa Chikuwe amene mlandu wace uli pa Chipata ayenera kuuka tambala woyamba, kupalasa njinga kufikira pamseu waukulu, ndi kulipirira galimoto iye mwini pamodzi ndi mboni zace ziwiri. Afika pa khoti nthawi yabwino, akhala pabenchi kufikira dzuwa litapendeka, ndipo pomaliza kalaliki amuuza kuti woweruza wapita ku msonkhano, kapena kuti faelo silinaoneke, kapena kuti mnzace wa mlandu sanalandire samani. Ampatsa tsiku lina. Ulendo waciwiri mboni imodzi ikana, iti kumunda kwacuruka udzu. Ulendo wacitatu mlimiyo agulitsa mbuzi. Ulendo wacinai sabwera konse, ndipo m'buku la khoti mulembedwa kuti wodandaula sanaoneke. Pa pepala cioneka ngati munthuyo anausiya yekha mlandu wace, pamene zoona zace n'zakuti anatopetsedwa.

Cinthu cimene anthu ambiri saciganizira ndi cakuti kucedwa kwa mlandu sikupweteka mbali zonse ziwiri mofanana. Kumakomera iye amene cinthu colimbiranaco ciri m'manja mwace. Wolanda munda apitiriza kulima ndi kukolola caka ndi caka pamene mlandu ukuimikidwa. Wangongole apitiriza kucita malonda ndi ndalama za mnzace, ndipo podzabweza, ndalamazo sizigulanso matumba a feteleza amene zikadagula pa nthawi imene anakongola. Pa cuma ca masiye mpamene zioneka poyera. Lamulo la 1989 linagawa bwino cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kuleredwa ndi malemuyo. Lamulolo ndi lomveka. Koma ngati mlandu wa mai wamasiye utenga zaka ziwiri, cigayo cidzakhala citagulitsidwa, ng'ombe zitatumizidwa ku khola la acibale akutali, ndipo magawo 50 pa 100 a anawo adzawerengedwa pa khola lopanda kanthu. Munthu wocenjera adziwa zimenezi, ndipo ndiye amakonda kudwala m'mawa wa tsiku la mlandu.

Akuluakulu a zamalamulo saiwala vuto limeneli. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, pa gawo 118 alamula kuti cilungamo cisacedwe, ndiponso kuti mabwalo asataye cilungamo cifukwa ca tizolakwa ting'onoting'ono ta kalembedwe ka mapepala. Mu 2020, pamene malemu Mai Irene Mambilima anali Mkulu wa Oweruza, kunaturuka malamulo atsopano a kayendetsedwe ka milandu m'bwalo lalikulu la High Court. Malamulo amenewa anacotsa cingwe ca mlandu m'manja mwa maloya ndi kucipereka kwa woweruza. Wosuma ayenera kupereka paciyambi pomwe maina a mboni zace, mndandanda wa mapepala amene adzadalira, ndi kalata imene analembera mnzaceyo yopempha cace asanapite ku khoti. Woweruza aitana mbali zonse ziwiri ku msonkhano wokonza masiku, kumene apangana kuti cakuti cicitike pofika tsiku lakuti. Kuimika mlandu kuloledwa pokhapokha patakhala cifukwa cacikulu ndi cosapeweka. Ndipo mlandu ukatha kumvedwa, ciweruzo ciyenera kuturuka pasanathe masiku 180. Woweruza akalephera, alembe zifukwa zace ndi kuzitumiza kwa Mkulu wa Oweruza.

Maganizo amenewa si a Zambia yekha. Ku England anasintha malamulo ao mofananamo mu 1999, ndipo kutsidya kwa malire a Mwami, dziko la Malawi linayamba kutsata malamulo otere m'bwalo lace lalikulu mu 2017.

Koma malamulo a 2020 ndi a High Court, ndipo munthu wa ku mudzi safika kawirikawiri ku High Court. Bwalo lace ndi lokolo khoti, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1966 m'malo mwa mabwalo a mafumu a m'nthawi ya atsamunda, pamene Chipata anali kuchedwa Fort Jameson. M'menemo milandu iweruzidwa monga mwa mwambo wa Acewa, Angoni, Ansenga, Atumbuka ndi Akunda, m'cilankhulo cimene munthu anayamwira, ndipo pa milandu ya mwambo maloya saloledwa kuimirira munthu. Wosakhutira ndi ciweruzo ali ndi masiku 30 ocitira apilo kwa majisitireti. Apa mpamene ulendo umatalika, pakuti mabwalo a majisitireti ali pa maboma, ndipo majisitireti mmodzimodziyo ndiye amvanso milandu ya upandu. Palibe angamdzudzule akayamba ndi anthu amene asungidwa ku ndende ya Namuseche poyembekeza kuweruzidwa, cifukwa ufulu wa munthu wotsekeredwa uposa mbuzi zitatu. Koma zotsatira zace n'zakuti milandu ya anthu wamba iikidwa kumapeto a tsiku, ndipo kumapeto a tsiku kulibe nthawi.

Pa cifukwa ici, Nyumba ya Malamulo iyenera kupanga lamulo lomveka la masiku a milandu yotere m'mabwalo a majisitireti ndi m'malokolo khoti, ndipo anthu a m'midzi ayenera kunenapo maganizo ao lisanalembedwe. Mutu wa lamulolo ukhale uwu: tsiku limene bwalo lapereka ndi pangano, ndipo pangano limanga mbali zonse, bwalo lomwe. Lero lino munthu akalephera kufika pa tsiku lace, mlandu wace ungafafanizidwe kapena kuweruzidwa iye kulibe. Koma bwalo likalephera kukhala, palibe abweza ndalama ya ulendo, palibenso apepesa. Cilango ciri mbali imodzi. Lamulo labwino linganene kuti ngati cadziwika kuti woweruza sadzakhalapo, anthu auzidwe masiku angapo tsikulo lisanafike. Kale zimenezi zinali zovuta, pamene kapaso anali kuyenda pa njinga mudzi ndi mudzi. Tsopano m'midzi yambiri muli lamya za m'manja, ndipo kalaliki angalembe nambala ya wodandaula, kapena ya nyakwawa wace, pa tsiku lomwe la kusuma. Mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria pa Chipata, Mphangwe ku Katete ndi Chikaya ku Lundazi amalengeza maliro ndi ziweto zosowa. Angathenso kulengeza kuti bwalo lakuti silikhala pa Citatu, osachula maina a eni milandu, pakuti nkhani za m'banja sizifuna kuulutsidwa.

Lamulolo linganenenso kuti pa sabata pakhale masiku opatulidwira milandu ya anthu wamba yokhayokha, kuti isamapikisane ndi milandu ya apolisi. Ndipo cizolowezi coitana anthu onse pa ora limodzi la m'mawa cithe. Sikwanzeru kuitana milandu 20 pa 9 koloko pamene aliyense adziwa kuti woweruza sangamve yoposa isanu kapena isanu ndi umodzi. Kuli bwino kuuza munthu tsiku la mwezi wamawa limene lidzasungidwa, kusiyana ndi kumuuza la sabata yamawa limene lidzasinthidwa katatu.

Nkhani imene olemba malamulo a ku Lusaka angaiphonye msanga ndi ya nyengo. Cigawo ca Kum'mawa cidya za m'munda. Mvula ikagwa mu November, mlimi ali ndi masabata owerengeka obzalira cimanga, nshawa, soya ndi thonje, ndipo wocedwa kubzala wataya kale gawo la zokolola zace. December ndi January ndi miyezi ya kupalira ndi kuthira feteleza. January ndi February ndiyonso miyezi imene nkhokwe zatsika, ndalama yasowa, ndipo mitsinje monga Lutembwe ndi Lukuzye idzaza, miseu ya dothi ya ku Vubwi, ya kwa Mwangala ndi ya ku cigwa ca Luangwa nisanduka matope. Kuitana mboni yokalamba kucokera ku Msoro m'mwezi wa February ndiko kuiitana kuti ilephere. Komatu kuyambira June kufikira October miseu yauma, mbeu zagulitsidwa, ndipo munthu ali ndi kandalama ka ulendo. Nyengo imeneyi ndiyo yoyenera kucurukitsa masiku omvera milandu ya alimi, ngakhale kutumiza majisitireti kuti akakhale sabata yathunthu ku malo akutali ndi boma.

Codabwitsa n'cakuti kalendala ya High Court, imene inatengedwa ku England, imapereka chuti m'mwezi wa August kufikira kuciyambi kwa September, ndi kusiya woweruza womva nkhani zofulumira zokha. Oweruza ndi anthu, ayenera kupuma ndi kupeza nthawi yolemba ziweruzo. Koma August ndiwo mwezi umene mlimi wa kuno ali womasuka koposa, mwezi umene Acewa apeza mpata wopita ku Kulamba ku Mkaika. Pokonza masiku a mabwalo a m'maboma, pasadzakhale kungokopera kalendala ya dziko lina. Woweruza pa msonkhano wokonza masiku afunse funso lapafupi: kodi eni mlandu ndi mboni zao acokera kuti, ndipo njira yao ipitika mwezi uti? Yankho lilembedwe m'faelo.

Pali milandu ina imene nyengo iifulumizitsa m'malo moicedwetsa. Mkangano wa munda umene wafika pa bwalo mu July uyenera kutha mvula isanagwe, kuti aliyense adziwe pobzala. Ukalowa m'dzinja usanathe, mmodzi adzabzala mwamakani, mnzace adzazula, ndipo nkhani imene inayamba ndi malire idzathera ku cipatala ndi ku polisi. Lamulo lipatse woweruza mphamvu yoika milandu yotere patsogolo pa ina, pamodzi ndi ya cakudya ca ana ndi ya cuma ca masiye cimene cingamwazike.

Koma pofuna kuthamangitsa milandu, olemba lamulo asamale kuti asapange msampha. Dziko lino linaonapo kale cimene cimacitika pamene malire a masiku auma ngati mwala. Mu 2016 a Hakainde Hichilema, amene anadzasankhidwa kukhala Mtsogoleri wa dziko mu 2021, anasuma ku bwalo la Constitutional Court potsutsa zotsatira za masankho. Malamulo aakulu anapereka masiku 14 omvera mlandu wotere. Masikuwo anathera m'zokambirana zoyambirira, ndipo pa 5 September oweruza atatu mwa asanu ananena kuti nthawi yatha, mlandu nufa umboni usanamvedwe. Kaya munthu anali mbali iti pa nkhaniyo, phunziro lace ndi limodzi: ngati zotere zinacitika pa mlandu wokhala ndi maloya odziwika a dziko lino, zingacitike mosavuta kwa mai wa ku Chadiza amene afika mocedwa cifukwa mlatho wakokoloka. Lamulo la masiku likhale lolimba kwa wozengereza dala, koma lisiye khomo lotseguka kwa iye amene waletsedwa ndi maliro, matenda enieni kapena madzi. Kusiyanitsa awiriwa si kovuta monga ena aganizira. Woweruza amene aona munthu yemweyo akudwala pa tsiku la mlandu katatu kotsatizana sasowa wina womuuza, ndipo wotereyo alipire ndalama za ulendo wa mnzace tsiku lomwelo.

Msampha wina ndi wa mapepala. Njira ya High Court ifuna kuti zambiri zilembedwe mlandu usanayambe, ndipo zilembedwa m'Cingerezi. Kwa kampani yokhala ndi loya, cimeneci n'capafupi. Kwa mlimi amene analekeza sukulu mu Grade 5, ndico cipupa. Maloya ambiri ali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kucokera pa Chipata, ndi ku Copperbelt. Woitana mmodzi wa iwo alipira ulendo ndi malo ogona, ndipo loya yemweyo akakhala ndi mlandu wina ku Lusaka tsiku lomwelo, wa kuno ndiwo uimikidwa. Cotero m'mabwalo aang'ono msonkhano wokonza masiku ucitike pakamwa, m'Cinyanja kapena m'Citumbuka, kalaliki alembe zimene zapanganidwa, ndipo aliyense apite kwao ndi kapepala konena tsiku, ora, ndi zimene ayenera kubweretsa. Lamulo la 2021 la thandizo la zamalamulo linazindikira anthu ophunzitsidwa kuthandiza osauka pa nkhani za milandu ngakhale sali maloya. Anthu otere akhale pa khomo la bwalo lililonse la pa boma, cifukwa milandu yambiri imacedwa cabe pakuti mwini wace sanadziwe kuti afunika kubwera ndi kalata ya nyakwawa kapena lisiti.

Ena adzati lamulo latsopano silifunika, pakuti Mkulu wa Oweruza, a Mumba Malila amene analowa pa udindowu mu 2021, kapena wina aliyense wokhala pa mpandowo, angathe kukonza zimenezi ndi malamulo a m'kati mwa mabwalo monga zinacitikira mu 2020. Zoona angathe. Koma malamulo a m'kati sabwera ndi ndalama. Woweruza sangasunge tsiku ngati alibe cipinda comveramo mlandu, ngati kapaso alibe njinga yamoto yoperekera masamani, ngati womasulira ndi mmodzi pa mabwalo awiri. Maboma atsopano monga Chipangali, Kasenengwa, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi anapangidwa kuti nchito za boma zifike pafupi ndi anthu, ndipo bwalo la milandu ndi imodzi mwa nchito zimenezo. Gawo 123 la malamulo aakulu linena kuti mabwalo apatsidwe ndalama zokwanira caka ciriconse. Aphungu akavomereza ndi manja ao lamulo lolonjeza masiku, adzakhala atadzimanga okha kuti pa nthawi ya bajeti apereke zolipirira lonjezolo. Mbiri icenjeza pa mfundo imeneyi. Lamulo la mabwalo a ngongole zing'onozing'ono linapangidwa mu 1992, koma mabwalowo anayamba kugwira nchito mu 2009, ku Lusaka ndi ku Ndola, patapita zaka 17.

Mabwalo a mafumu nawo ali ndi malo ao m'nkhani imeneyi. Gawo 118 lomwe lija lilimbikitsa njira zina zothetsera mikangano, kuphatikizapo za makolo. Pa bwalo la nyakwawa, kapena la nduna za Nkhosi yamakhosi Mpezeni ndi za Kalonga Gawa Undi, mlandu wa malire umvedwa pamunda pomwepo, pamaso pa anthu amene anaona malowo akugawidwa, ndipo kawirikawiri utha tsiku limodzi. Ankhoswe nawo athetsa nkhani zambiri za m'banja zisanafike kwa kalaliki. Milandu imene ingathere kumeneko ithere kumeneko, kuti masiku a bwalo la boma atsalire yovuta. Koma cimeneci cisakhale njira ina yocedwetsera munthu. Pali amai amasiye amene pa mudzi sangapeze cilungamo cifukwa wolanda cumayo ndi mbale wa nyakwawa. Ngati bwalo libweza nkhani ku mudzi kuti akayese kugwirizana, liperekeretu tsiku limene eni ace adzabwerenso ngati alephera, ndipo tsikulo lisapitirire mwezi umodzi.

Cina cimene lamulo liyenera kukonza ndi kusamutsidwa kwa oweruza. Majisitireti amene wamva mboni zinai akatumizidwa ku cigawo cina mlandu usanathe, eni ace angauzidwe kuti uyambirenso, ndipo zonse zimene anaononga ziwerengedwa ngati madzi otayika. Wosamutsidwa apatsidwe nthawi yomaliza milandu imene anaiyamba asananyamule katundu wace, kapena abwezedwe kwa sabata imodzi kudzaimaliza. Ndipo pa khomo la bwalo lililonse pakhomedwe pepala, miyezi itatu iriyonse, losonyeza kucuruka kwa milandu imene yalowa, imene yatha, ndi imene yapitirira caka. Pepala lotere lidzasonyeza ngati vuto liri pa ulesi wa munthu kapena pa kucepa kwa anchito, ndipo lidzateteza oweruza akhama amene masiku ano adzudzulidwa pamodzi ndi ena.

Bilu ikafika ku Nyumba ya Malamulo imaperekedwa ku komiti ya aphungu, imene imalandira maganizo a anthu ndi mabungwe. Bungwe la Zambia Law Development Commission nalonso limafunsa anthu pokonzanso malamulo. Kawirikawiri amene ayankha ndi maloya, makampani ndi mabungwe a m'tauni. Mafumu, makhansala, magulu a alimi ndi a amai a m'cigawo cino ayambe tsopano kuuza aphungu ao zimene aona pa mabenchi a khoti, ndi kupempha kuti pamene nkhaniyi idzakambidwa, komitiyo idzakhale pa Chipata, pa Lundazi ndi pa Petauke m'miyezi ya cirimwe, pamene eni milandu angathe kufika ndi kulankhula okha.